Mbale za soul za malemu bambo zachita chuku, ndithandizeni

MphunzitsiWaMatawale

Abale anga, ndabwera ndi nkhani ya mbale. Osati zodyera nsima, koma zakuda zija zoimba.

Bambo anatisiya chaka chatha mu Ogasiti. Amayi anakhala miyezi yonseyi osafuna kuti munthu asunthe kanthu m'chipinda mwawo ku Sadzi, mpaka masabata awiri apitawo pamene anatiitana kuti tikakonzemo. Pamwamba pa wadiropu tinatsitsapo sutikesi yachitsulo, yolemera ngati mwalongedzamo njerwa. Ndinkaidziwa kuyambira ndili wamng'ono, inali m'gulu la zinthu zosakhudza, pamodzi ndi lumo lawo lometera ndi Baibulo la zipi. Titatsegula, fungo lokha linatibweza m'mbuyo. Denga la chipinda chimenecho linadontha nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo Zomba mukuidziwa, chinyezi chikalowa m'nyumba chimakhazikika ngati chalipira lendi. Mapepala okutira mbale ena amatirira, ena anadyedwa ndi njenjete, ndipo mbale zambiri zili ndi chuku choyera chonga ufa, chotsata timizere take.

Ndaziwerenga. Zing'onozing'ono zolembedwa 45 zilipo 51, zikuluzikulu za 33 zilipo 12. Muli Otis Redding, Wilson Pickett, Aretha Franklin, Percy Sledge, Al Green, Marvin Gaye, Booker T. & the M.G.'s, James Brown wambirimbiri, ndi zinayi za The Movers, gulu la ku South Africa. Bambo anali kalaliki ku maofesi a boma kuno likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo zambiri anagula ndi malipiro awo a ukalalikiwo. Pa mapepala ena pali mtengo wolembedwa ndi pensulo m'mashilingi, ena m'matambala, ndiye ndikutha kudziwa zomwe zinalowa m'nyumba kwacha isanabwere mu 1971. Zina zinabwera ndi bambo aakulu omwe anapita ku Joni pa Wenela, zimenezo mtengo wake ndi wa masenti. Pa mbale iliyonse bambo ankalembapo zilembo zoyamba za dzina lawo ndi bolopeni kuopa anzawo obwereka osabweza. Imodzi yokha, ya Percy Sledge, pakuoneka kuti panali zilembo zina zomwe anazifufuta mwamphamvu n'kulemba zawo pamwamba. Achimwene akuti basi, ndiye kuti mdala anaba.

Ine nyimbo zimenezi ndinakula nazo, koma sindinazimvetsere ngati munthu wamkulu. Chimene ndikukumbuka ndi Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi n'kudya. Bambo ankachotsa nsalu yoluka pamwamba pa gumbagumba, Supersonic yamiyendo inayi, n'kutulutsa mbale m'pepala osaigwira pakati. Ankaipana m'mbali ndi zikhatho, kuipendeketsa cha kuwindo kuti aone fumbi, kuipukuta ndi kansalu kachikasu komwe kanalibe ntchito ina m'nyumba monse. Akatero ankauzira mpweya pa singano, fuu, n'kutsitsa kamkono pang'onopang'ono mpweya ataugwira. Pamayamba kaye kaphokoso ngati ziwala zikukazingidwa patali, kenako malipenga. Kuvina ankalola, koma wogunda gumbagumba ankamaliza nyimboyo ali panja.

Gumbagumbayo ilipo, amayi amaikapo fulasiki ndi maluwa apulasitiki. Makoswe anadya mawaya kumbuyo, singano palibe.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Ndinatenga imodzi ya Wilson Pickett kuti ndiyesere. Ndinaitsuka ndi sopo waufa wochapira ndi siponji, kapepala kapakati kanayamba kusupuka, ndiye pofuna kuti iume msanga ndinakaiyanika pa thandala panja pamodzi ndi mbale zinzake zakukhitchini. Ndinapita kukachonga makope. Pobwera ndinapeza yapindika ngati lichero. Ndinakhala pakhonde n'kulira, mwana wanga wamkazi kumangondiyang'ana osamvetsa kuti mayi akulirira pulasitiki.

Ina ndinakaiyesa kwa aneba omwe ali ndi kochezera mbale kakang'ono konga sutikesi. Imalumpha, iwo n'kuika ndalama yachitsulo pamutu pa kamkono kuti kalemere. Inasiya kulumpha ndithu, koma mtima wanga sunakondwe nazo.

Mafunso anga ndi awa. Chukuchi ndichichotse bwanji osaononganso ina? Gumbagumba ija ingadzuke, kapena ndisake china? Ndipo chimene chatigawa pabanja: achimwene anaika chithunzi cha mbalezi pa Facebook, ndiye mnyamata wina wa ku Blantyre akuti atenga zonse pa K150,000, abwera yekha ndi galimoto. Achimwene akuti tigulitse tikonzere amayi denga, nyimbo zonsezi zili pa YouTube zosathetheka n'komwe. Kunena zoona ndasowa chowayankha. Inu amene mumazidziwa, muli chiyani m'mbalemu chomwe mufoni mulibe?

Kanthu kena kakang'ono: ya James Brown yotchedwa Cold Sweat yalembedwa Part 1 mbali ino, Part 2 mbali inayo. Ndi nyimbo ziwiri kapena imodzi?

WamawailesiMumsika

Pepani ndi maliro, aphunzitsi. Ine ndimakonza mawailesi ndi maampulifaya mumsika waukulu muno, ntchito yomwe ndinaphunzira kwa malume anga nthawi imene magumbagumba ankabwerabe pa benchi. Ndiyankha za manja zokha, za kugulitsa akuuzani ena.

Dzuwa ayi. Mwaona kale. Pulasitiki ya mbale imafewa ndi kutentha, ngakhale kuisiya m'galimoto yotseka mawindo imapindika. Yopindikayo muike pakati pa magalasi awiri osalala, pamwamba musanjikepo mabuku olemera, muiiwale mwezi wathunthu m'nyumba. Nthawi zina imawongokako, nthawi zambiri ayi. Musaisite, ndinaonapo munthu atayesa.

Kutsuka kwake. Pitani m'mashopu ogulitsa zipangizo za galimoto mukagule madzi a batire, oyera aja othira batire ikaphwa. Munenetse kuti mukufuna madzi, osati asidi, chifukwa mabotolo ake amakhala pa shelefu imodzi. Madzi apampopi kapena apamjigo akauma amasiya timchere m'mizere, ndiye kuthetheka kumawonjezeka. Mu lita imodzi mudonthezemo dontho limodzi kapena awiri a sopo wamadzi wotsukira ziwiya, basi, asachite thovu lambiri. Goneketsani mbale pa thaulo loyera, pakati pomwe pali kapepala muvindikirepo kapu kuti pasanyowe. Tengani burashi yatsopano yofewa yopentera, muziyendetsa mozungulira kutsata mizere, osati modutsa. Mutsukuluze ndi madzi a batire omwewo opanda sopo, muiimike m'nyumba pamthunzi idziumira yokha. Chuku ndi chamoyo, ndiye mapepala akale aja musabwezeremo mbale yotsuka, chidzayambiranso. Asungeni padera poti pali zolemba za bambo, mbalezo muzipezere mapepala atsopano. Chitani zimenezi pakhonde mutavala chophimba kukamwa, fumbi la chuku si labwino pachifuwa.

Sipiliti wapepo uja musayandikize. Komanso fufuzani ngati mulibe ya 78, yokhuthala, yolemera, yosapindika ukaigwedeza. Zimenezo si zapulasitiki, zimasweka ngati mbale yadothi ndipo sipiliti amazisungunula.

Posunga, ziimirire ngati mabuku pa shelefu, osasanjikiza. Zisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lakunja.

Tsopano aneba anuwo. Musapitenso. Kamkono ka chochezera chabwino kamatsamira pa mbale ndi kulemera kwa magalamu awiri kapena atatu okha, magumbagumba akale ankafika asanu kapena kuposerapo pang'ono. Mukaikapo ndalama mwasandutsa singano kukhala tchizulo, ikupala mizere, ndipo chopalidwacho sichibwerera. Mbale ikalumpha pamakhala chifukwa: litsiro, singano yakutha, kapena chochezera sichinakhale molingana. Singano yakutha ndi imene inapha mbale zambiri kuno, osati ana. Ya dayamondi imatha pakadutsa maola mazana angapo, ya safaya imatha msanga kwambiri, koma makolo athu ankaigwiritsa ntchito mpaka itathyoka.

Supersonic ija ndi ya ku Bulawayo, zinali zolimba. Mawaya odyedwa si nkhani. Chimene chimavuta ndi kagudumu ka labala kamkati komwe kamazungulitsa thebulo, kakauma mbale imayenda motsimphina, komanso makapasita amakhala atatha. Musaiyatse musanaionetse kwa wokonza, ingathe kufuka utsi. Ine maganizo anga: ikonzeni chifukwa ndi ya bambo, koma mbale zimene mumazikonda muzichezere pa china chopepuka mkono.

Mukamagula chakaunjika onani kumbuyo. Cha ku America chimakhala cha mavoti 110, magetsi athu ndi 230, mukangolumikiza chapsa. Ngakhale mutapeza thiransifoma, zina mota yake imadalira 60 Hz pomwe ife tili pa 50, ndiye mbale imazungulira mochedwa, Otis amamveka ngati wamwa kachasu. China, mukalumikiza ku ampulifaya n'kumva mawu ochepa, owonda, opanda besi, sichinafe. Podula mbale kufakitale amachepetsa besi dala n'kukweza mawu akuthwa kuti mizere isakule, ndiye pamafunika polowera polembedwa Phono kuti pabwezeretse. Ampulifaya yopanda pamenepo imafuna kabokosi kapadera. Kawaya kakang'ono kopanda pulagi kaja ndi ka ethi, mukapanda kukamanga mumva mmmm osatha.

Ngati zina za 45 zili ndi bowo lalikulu pakati, ndi zodindidwa ku America kapena zinachotsedwa pakati, zimafuna kapulasitiki kozungulira kotsekera. Ndili nato m'kabati.

AgogoAChirunga73

Mwanangu, ndawerenga kawiri. Bambo ako sindikuwadziwa dzina, koma ngati anali kalaliki kuno zaka zimenezo ali ndi James Brown wochuluka chotero, ndiye kuti tinapondanapo mapazi pa dansi ina.

Ine ndinafika ku Zomba mu 1973, chaka chimene Chancellor College inasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga. Chaka chomwecho kunabwera lamulo la kavalidwe. Atsikana siketi yosafika m'mawondo ayi, thalauzi ayi, ife anyamata tsitsi lalitali ndi mabuluku otambalala kumiyendo zinali zotiika m'mavuto. Ndiye taganiza, ukuyang'ana chithunzi cha pa chikutiro cha mbale, munthu wakuda ngati iwe, tsitsi lili yangayanga, malaya onyezimira, akukuwa mmene akufunira, pomwe iwe ukuyankhula monong'ona ngakhale m'chipinda chako. Mbale ija inali windo. Usiku tinkasaka LM Radio ya ku Lourenço Marques pa shotiwevu mpaka inatsekedwa mu 1975, koma wailesi imakupatsa nyimbo kamodzi n'kupita. Mwini mbale ndiye anali mfumu. Tinkamva kuti James Brown anafika ku Lusaka ndi ku Ndola mu 1970, anzathu omwe anali ndi abale ku migodi ya kopa ankatinyaditsa nazo ngati anamugwira chanza okha. Mu 1974 anakaimbanso ku Kinshasa. Ife tinangomuonera pa chikutiro.

Mbale za bambo ako aakulu uzisamale. Njira imene zinadzera inatsekeka mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, boma n'kuimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Sutikesi za matchona ndi zimene zinkabweretsa nyimbo m'midzi, pamodzi ndi mabulangete ndi njinga. Percy Sledge ankakondedwa kwambiri ku South Africa, anakaimbako mu 1970, n'chifukwa chake nyumba iliyonse ya munthu wobwera ku Joni inali naye.

Wafunsa kuti muli chiyani m'mbalemo. Ndikuuza mmene ungamvetserere, uyese wekha.

Tenga ya Otis Redding ndi ya Marvin Gaye uziike motsatizana. Ya Marvin ndi ya Motown, ku Detroit, kampani yomwe Berry Gordy anayamba mu 1959 ndi ngongole ya madola 800 ya kubanja kwawo. Kumeneko zonse ankazisita bwinobwino: mavayolini, maseche, oimba ovala masuti ofanana. Ya Otis ndi ya ku Stax, ku Memphis. Dzina limenelo ndi zilembo za Jim Stewart ndi mlongo wake Estelle Axton. Situdiyo yawo inali nyumba yakale yoonetsera mafilimu, pansi pake potsetsereka, ndipo oimba onse ankalowa m'chipinda chimodzi kujambula limodzi. Booker T. & the M.G.'s omwe uli nawowo ndiwo ankaimbira pafupifupi aliyense kumeneko, awiri akuda awiri oyera, mumzinda umene kunja kwa chitseko tsankho linali pachimake. Ukatchera khutu umva kuti malipenga akuyankha woimba ngati mmene mpingo umayankhira mlaliki. Ife tinkagawikana: a Motown anali anyamata ofunsira mwaulemu, a Stax tinali ife otuluka thukuta. Ine mpaka lero ndili kwa Otis. Anafa ali ndi zaka 26 zokha, pa 10 Disembala 1967, ndege yake itagwera m'nyanja pafupi ndi Madison, patangopita masiku ochepa atajambula nyimbo yake ya pa doko ija, The Dock of the Bay, yomwe amaimba mluzu kumapeto. Inatuluka iye atapita kale.

Ndipo usadabwe kuti bambo ako ankaziika Lamlungu atachoka kutchalitchi. Nyimbo zimenezi zinabadwira m'tchalitchi. Aretha Franklin anali mwana wa abusa a Baptist ku Detroit, anayambira kwaya ya bambo ake. Sam Cooke anachokera ku gulu la nyimbo zauzimu la Soul Stirrers. Al Green anachita kubwerera, mu 1976 anakhala m'busa wa mpingo ku Memphis. Wina akutsogolera, ena akupolokoza, mawu amodzi kuwabwereza mpaka mtima utasweka, si zachilendo kwa munthu amene anagonapo pa maliro kuno kwathu akumva amayi a Mvano. Amalume anga, omwe sankadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi, atamva Percy Sledge anangoti, "Ameneyu mkazi wamuthawa." Sanalakwe kwenikweni.

Respect ya Aretha ya 1967 ngati ilimo, dziwa kuti analemba ndi Otis, anaitulutsa mu 1965 ngati dandaulo la mwamuna wobwera kuntchito. Mayiyo anaitembenuza kukhala ya akazi. Pa dansi ikalira, atsikana ankatilozera zala kumaso.

Achimwene ako akunena zoona kuti zili pa foni. Adzukulu anga anandiikira, ndimamvera. Koma pa foni nyimbo ilibe mbali yachiwiri, ndipo sudzuka pampando pakatha mphindi zitatu zilizonse. Kudzuka kumene kuja ndiko kunkatichititsa kumvetsera. Usagulitse.

BesiWaKuChikanda

Anti, pepani ndi zovutazo. Ine ndimaimba besi kutchalitchi ndi m'maukwati, ndimajambulanso tinyimbo pa kompyuta.

Cold Sweat ndi nyimbo imodzi, ya 1967. Yonse imapitirira mphindi 7, pomwe mbali imodzi ya 45 imamveka bwino ikakhala ya mphindi zitatu kapena zinayi, ndiye anaidula pakati. Mukadzaitsuka muyambe ndi Part 2, muli saxophone ya Maceo Parker ndi pomwe onse amasiyira woimba ng'oma Clyde Stubblefield yekha. Ambiri amati funk inakhazikika ndi nyimbo imeneyo. Kusiyana kwake ndi soul ya agogowa n'kosavuta kukumva. Muziwerenga 1, 2, 3, 4. Mu soul mphamvu ili pa 2 ndi 4, pomwe timawomba m'manja. James Brown anaikokera pa 1, gulu lonse limagwera pamenepo limodzi, ndipo gitala, malipenga, ngakhale mawu ake, zonse zimagwira ntchito ya ng'oma. Makodi sasintha kawirikawiri, chimene chikuyenda ndi kulukana kwa zida. Amene anaimapo pafupi ndi ng'oma za manganje nthawi ya zinamwali sangavutike kumva zimenezi, iliyonse ili ndi kake koma zikukumana pamodzi.

Stubblefield yemweyo ndi amene anaimba kachidutswa ka mu Funky Drummer ya 1970, komwe a hip hop akakopera m'nyimbo zosawerengeka, iye osalandirapo kanthu poti dzina la wolemba nyimbo silinali lake. Ku Motown nakonso, besi yomwe mumaimva pansi pa nyimbo zambiri ndi ya James Jamerson, ankakhwatcha ndi chala chimodzi, koma dzina lake silinkalembedwa pa zikutiro mpaka nthawi ya What's Going On mu 1971. Ndikamatopa ndi maukwati osatchulidwa dzina ndimakumbuka mdala ameneyo.

Agogo, ndikutsutsaniko pang'ono mwaulemu. Mbale yokandika pa singano yakutha siiposa foni, tisanamizane. Chomwe chili choona n'chakuti za 45 zambiri za zaka za m'ma 1960 ndi za mono, anazisakaniza kuti zimenye mwamphamvu pa sipika imodzi, pomwe zomwe zili pa intaneti nthawi zambiri ndi za stereo, ng'oma khutu ili, mawu khutu linalo, mphamvu n'kumwazika. Komanso kasipika ka foni besi sikaitulutsa, ndiye achimwene anuwo Jamerson sanamumvepo. Alumikize foniyo ku sipika yeniyeni kaye ndiye adzayankhule.

Za mnyamata wa ku Blantyre. Munthu wofuna zonse pamodzi, mwachangu, atangoona chithunzi, ndiye kuti waonamo ziwiri kapena zitatu. Ndikukayika kuti ndi Percy Sledge, amene anadindidwa miyandamiyanda ndipo ali paliponse. Osaka mbale masiku ano amalimbirana za kuno ku Africa zomwe zinadindidwa zochepa: The Movers anuwo, za ku Zambia monga WITCH, ndipo ngati muli ina ya gulu la kuno kwathu imeneyo ndiye musaitulutse m'nyumba. Lowani pa Discogs, tsamba la pa intaneti logulitsirapo mbale, lembani nambala yomwe ili pa kapepala kapakati, muona mitengo yomwe anthu anagulira. Kumbukirani kuti mtengo umatsika kwambiri mbale ikakhala yokandika kapena chikutiro chitaonongeka, ndiye musayembekezere chuma. Koma mudziwe kaye chomwe muli nacho. Mumufunse kuti atchule zisanu zomwe akuzifunitsitsa, muona mmene ayankhire.

AgogoAChirunga73

Mdzukulu, za mono wanena zoona, gumbagumba zathu zinali za sipika imodzi ndipo holo inkadzaza. Koma ukati soul ya agogo ngati kuti funk sitinaivine, ukundilakwira. Bondo langa lamanzere linathera pa James Brown yemweyo.

MphunzitsiWaMatawale

Ndabweranso patatha masabata atatu, zikomo nonse.

Bambo a mumsika, ndinachita monga munanenera. Madzi a batire malita asanu, burashi, kapu pakati. Ndinkatsuka zisanu madzulo alionse ndikaweruka. Madzi oyamba ankatuluka ngati a mu Likangala mvula itagwa kumtunda. Zitatu zakanika, chuku chinadya mpaka mkati ndipo zikuoneka zotuwa ngakhale zitauma. Ya Wilson Pickett ikadali pansi pa madikishonale. Gumbagumba tinaikweza pa kabaza, mnyamata akuyendetsa wina atagwirira kumbuyo, anthu a mu Sadzi kumatiseka. Yatsala kwa wokonza, akusaka kagudumu kaja. Pakadali pano mphunzitsi mnzanga wandibwereka chochezera chake chokhala ndi singano yatsopano, pamodzi ndi ampulifaya yokhala ndi Phono.

Achimwene a ku Chikanda, mnyamata uja ndinamufunsa zisanu zake. Anatchula The Movers zonse zinayi, yachisanu anachita kuganiza nthawi yaitali. Nditati zimenezo sizikugulitsidwa koma zinazo tikambirane, sanayankhenso mpaka lero. Denga tasonkherana ana tonse, malata asanu ndi limodzi okha ndi amene amafunika, inali nkhani yongofuna kukhala pansi. Ndinawerenganso 1, 2, 3, 4 pa Cold Sweat ndili ndekha m'khitchini, ndipo ndamva chimene mumanena. Zaka zonsezi ndinkawomba m'manja polakwika.

Lamlungu lapitali ndinanyamula zonse kupita nazo ku Sadzi. Magetsi analipo, mwamwayi. Amayi anali pa mkeka akusankha nyemba, sanafune n'komwe kukhala pampando, amati zimenezo ndi zanu ana. Ndinayamba ndi Otis, sanadzutse mutu. Al Green, anangoti bambo ako ankaikonda imeneyo akalandira malipiro. Achimwene anali pakhomo ndi foni yawo, koma Booker T. atayamba ndinaona phazi likugunda.

Kenako ndinaika ya Percy Sledge. Ndinadzipeza ndaipana m'mbali ndi zikhatho, ndauzira pa singano, osaganiza n'komwe. Limba lija litangoyamba, amayi anasiya nyemba. Chapakati pali pomwe imachita thi, thi, thi, katatu, pali kamzere kokandika kooneka ndi maso. Amayi anakweza chala isanafike pamenepo, n'kugwedeza mutu katatu motsatira, ndendende.

Itatha anati ndiwapatse. Anaiyandikiza kumaso, poti magalasi anali kuchipinda, n'kuloza pofufutidwa paja ndi chikhadabo.

"Apa panali dzina langa. Mbale iyi si ya bambo ako. Anandigulira achimwene anga ndili pa kosi ku Domasi. Bambo ako anabwereka mu 1971 kuti akamvere Loweruka lokha, ndakhala ndikuitanitsa mpaka ndinatopa."

Achimwene anafunsa kuti nanga kukandikako. Amayi anati anakanda okha ndi pini ya chitenje tsiku lomwe anaona kuti dzina lawo lafufutidwa, ndipo bambo sanafunsepo, iwonso sananenepo.

Yatsala ku Sadzi imeneyo, akuti isachoke. Ndiye zanga zilipo 62, ndisanachotsepo zitatu zakufa ndi ya lichero. Bambo a mumsika, ziwiri za James Brown zili ndi bowo lalikulu lija, ndidutsa Loweruka m'mawa kudzatenga kapulasitiki. Benchi yanu ili mbali ya ogulitsa nsomba kapena ya kumatelala?